Tchaja Yatsopano

"Waimanso," amayi ananong'ona. "Akudikira kuti ndimuyankhe."

Mu vidiyo ya pa laputopu, nkhope ya malemu mwana wawo wamkulu inali itauma pakati pa kuseka. Chitayikireni tchaja ya laputopuyo, amayi ankagwiritsa ntchito yaing'ono yobwereka, ndipo vidiyoyo inkayenda moimaima. Ikaima, amayi ankamufotokozera zonse za pakhomo.

"Si mzimu, amayi," anatero mng'ono wa malemuyo. "Wokonza malaputopu akuti tchajayi ilibe mphamvu, n'chifukwa chake makinawa akukwawa."

Analumikiza yatsopano imene anagula. Mkulu wakeyo anaseka osaima, anatsanzika, vidiyo n'kutha.

Amayi anayang'anitsitsa galasi lakuda la laputopuyo. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Kuchipatala anachoka ndisanamalize kulankhula naye," anatero. "Koma lero wamuthamangitsa ndiwe."