Matayala M'mwamba

Mdala Malire, dzina limene anzawo anawapatsa chifukwa cha maulendo, anali chagada pansi pa galimoto yawo yakalekale, pampu ya girisi ili m'manja, pakamwa posatseka. Mwana wawo wamwamuna anali ataikweza kutsogolo ndi jeke n'kukhazika ekiselo pa zitsa ziwiri, kuti girisi alowe bwino.

"Khotetsa kumanzere, iwe! Galimoto iyi yaponda mayiko amene iwe umangowaona pa mapu. Asilikali ankachita kundiimikira sawasha!"

Mwanayo anapotoza chiwongolero. Mdalayo anapapasa kabowo kothirira girisi. Maso anali atayamba kuwakana, koma zala zinkaidziwa njira. Anapopa mpaka girisi wakale, wakuda bii, anafinyikira kunja.

"Basi, itsitse. Tikaiyese pamsewu."

Anamva jeke akukwekwerezedwa pasimenti, koma phokosolo linkaloza kugeti.

"Jekeyo ukupita naye kuti?"

"Kwanga, bambo. Dzulo munangotsala pang'ono kugunda mwana wa aneba, inu osamuona n'komwe. Ine ndi amayi tagwirizana. Ikhala pa zitsa pomwepo."

"Ndiye unandisiya ndigone pansi pano ngati chitsiru, iwe ukudziwa?"

"Ndikanakuuzani, mukanalola kuti ndiikweze?"

Geti linatsekedwa. Mdala Malire anakhala chigonere, mafuta akuwayenderera m'chigongono. Kenako anatambasula dzanja n'kukankha tayala mwaukali. Linakhota mofewa, osalira ngakhale pang'ono, ngati tsiku limene anagula galimotoyo.