Wometa, Mapulagi ndi Keke ya Ukwati

Panali munthu wina, wometa tsitsi, yemwe anali ndi kagalimoto kakale kosathamanga koma kofika. Nkhaniyi akuti inachitikadi, ndipo amene anaifotokoza anadya nawo keke imene mumve kutsogoloku.

Kagalimotoko ankakasamalira ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anali makaniko. Akamasintha mapulagi, makanikoyo ankatulutsa tizitsulo topyapyala n'kuyeza mpata wa kunsonga kwa pulagi iliyonse, paja pamathetheka moto. Wometa ankamuseka kuti amayeza ngati akupatsa khanda mankhwala. Pakhomo panali mtendere: bambo akumeta, mayi akuphika makeke n'kumagulitsa.

Chomwe chinkamudya mumtima wometayo chinali chitunda cha pamsewu wopita ku tauni. Pamenepo aliyense ankamupitirira, ngakhale malole odzaza mchenga.

Sabata ina mayi aja anapeza mwayi waukulu. Anapemphedwa kuphika keke ya ukwati yosanjikiza, yoyamba m'moyo wawo. Mwini holo ya ku tauni yochitikira ukwatiwo anawauza kuti ikakoma ndi kuoneka bwino, maukwati onse a pamalopo azidzawapatsa iwo. Sabata yomweyo kometera kwa bambo aja kunabwera kasitomala wachilendo, wa pakamwa pokoma. Ali pampando, nsalu ili m'khosi, analoza kagalimotoko pawindo.

"Bwana, injini imeneyo ndimaidziwa. Mphamvu ili nazo, koma anakumangirani miyendo. Kulitsani mpata wa mapulagi kuti moto ukule. Mukatero mupotoze pang'ono disitibyuta, chija chimagawa moto, kuti moto uzifika msanga. Mudzandifuna kuti mundithokoze."

"Mpatawo ndiyeze ndi chiyani?"

"Ndi maso. Nanga maso anakupatsiraninji?"

Madzulo wometa anaimbira mlamu wake, koma makanikoyo anakana.

"Alamu, musakhudze. Mpata ukakula, moto umalephera kudumpha galimoto ikalemedwa. Inuyo makina anu ometera mukawatsegula mopyola, amameta kapena amazula?"

"Komatu mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, alamu."

"Chabwino, koma dikirani ukwatiwu udutse, tidzaonere limodzi."

Kudikira n'kumene kunamukanika mkuluyu. Lachisanu atatseka kometera anatsegula boneti, n'kumasula mapulagi onse, n'kuwakanula ndi sikuludiraiva mmene maso anamuuzira. Disitibyuta nayo anaipotoza. Atayesa m'timisewu tosalala ta pafupi ndi kwawo, injini inalira mwaukali, iye n'kumati phokosolo ndiye mphamvuzo. Munkamvekanso kakugogoda ngati misomali m'chitini, koma anangokweza wailesi.

Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati, anapakira makireti a zakumwa m'buti. Mayi anakhala kumbuyo, keke ili pathabwa pamiyendo pawo, ataigwira ngati dzira.

"Bambo, pang'onopang'ono chonde."

"Khalani phee, mayi. Lero muona zachilendo."

Zachilendozo anazionadi. Atafika pakati pa chitunda, wometa anaponda moto kuti apitirire lole. Galimoto inatsokomola, n'kudumpha, n'kuombera kumbuyo kuti phu, n'kudumphanso. Keke ya pamwamba inatsetsereka n'kukamenya kumsana kwa mpando, mbali imodzi n'kuphwanyika. Injini inazima pomwepo.

Mayi sanakalipe, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri mwamunayo. Anangoyang'ana ntchito ya manja awo, misozi ikulengeza.

"Bambo, mwaichita chiyani galimotoyi?"

"Ndimangoti ndiiwonjezere mphamvu."

"Mphamvuzo ndaziona. Imbirani achimwene."

Makaniko anafika pa njinga yamoto, tizitsulo take tili m'thumba. Sananene kuti ndinakuuzani. Ankangoimba kanyimbo chapansipansi uku akubweza mpata wa pulagi iliyonse pamuyeso wake, ndipo kanyimboko kanamuwawa wometa kuposa mbama. Atabwezanso disitibyuta, injini inalira bwinobwino, galimoto n'kukwera chitunda mwa ulemu wake wakale.

Anafika ku holo akwati asanatuluke m'tchalitchi. Mayi analowa kukhitchini ndi mpeni ndi kirimu wotsala, n'kumata pophwanyikapo, n'kuphimba ndi maluwa. Chilema sichinathe, choncho mbali imeneyo anailozetsa kukhoma. Kenako anaitana mwamuna wawo.

"Inu muima apa, pakati pa keke ndi khoma. Wojambula akafuna kuzungulira, mum'tsekereze."

Wometa anaima pamenepo mwambo wonse, manja kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Anzake akuvina, iye ali chilili. Alendo ankayamikira kuti mayi a kekewa ndi adongosolo, mpaka abwera ndi mlonda wawo. Keke itadulidwa inatha yonse, ndipo mwini holo atalawa anauza mayi aja kuti abwerenso Loweruka lotsatira.

Pobwerera kunyumba mayi anayamba kuseka okha, mpaka mwamuna wawo naye anaseka, mtima utakhala pansi.

"Ndakukhululukirani, bambo," anatero. "Koma kuyambira lero makeke azinyamula achimwene. Inu muzinyamula ufa, poti ufa suphwanyika."

Mpaka lero mkuluyo amanyamula ufa, ndipo sadandaula.

Phunziro: Safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kukana yankho amadyetsa phula banja lonse. Mlendo wa pakamwa pokoma sadzakhalapo galimoto ikadzazima pachitunda. Mverani amene amadziwa ntchitoyo ndiponso amakufunirani zabwino, ndipo musayesere nzeru zatsopano pa tsiku lalikulu la mnzanu. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amatsegula boneti asanafunse.