Pampu Yachiwiri

Belu litalira ndinakuwa: "Ndani wazimitsa pampu yachiwiri?"

Ndine woyang'anira chipinda choyendetsera ng'anjo ya nyukiliya yopangira magetsi, koma chimene ndimayang'anira kwenikweni ndi misana itatu ya anthu oweramira makompyuta. Palibe anatembenuka. Madzi oziziritsa makina anali akuchepa.

"Ine ndazimitsa yoyamba, bwana, monga munanenera," anatero Ok Min-jae, mmodzi wa atatuwo. "Ndinabwereza lamulo lanu, inu n'kuvomera."

Zoona, anabwereza bwinobwino, monga timachitira nthawi zonse. Pakamwa sanalakwitse.

"Tawerenga nambala ili pakona apo, iwe!"

Anawerenga, makutu n'kufiira. Anali atadina yachiwiri. Pakompyutapo, zithunzi za mapampu awiriwo n'zofanana ngati mapasa, zimangosiyana kanambala kamodzi.

M'chipinda chathu chakale chopanda makompyuta, batani la pampu yachiwiri linali kukhoma lakumanzere. Munthu ankadzuka n'kuyenda, ndipo akalowera kolakwika ndinkamugwira kolala asanafike. Muno chala chimangosuntha pang'ono ngati kanjere ka mpunga, basi zatheka. Ndiye akuluakulu akuti chipinda chamakonochi chithetsa zolakwika!

"Uiyatsenso msanga! Ukudikira kuti ndikulembere kalata?"

Anadina. Madzi anayamba kukwera, belu n'kukhala chete.

Min-jae anakankha mpando, anaimirira, n'kuwerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo. "Pepani kwambiri, bwana."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali.

"Khala pansi," ndinatero. "Chiyambire m'mawa, aka n'koyamba kuti ndione ndi maso angawa chimene ukuchita."