Mapazi a Yani?

Padangotero, Mvuu atatopa ndi dzuwa, anapangana ndi mmisiri Chiswe kuti amumangire nyumba ya mapazi khumi. Chiswe anayeza ndi timapazi take. Mvuu pobwera anapeza kanyumba kosalowa ngakhale mphuno yake.

Ubwenzi wawo wa ponda apa nane mpondepo unagwedezeka, mpaka anakokerana kwa loya Nanzikambe.

"Mapazi khumi, inde," anatero Nanzikambe, diso lina kwa uyu, lina kwa uyo. "Koma mapazi a yani, akuluakulu?"

Mvuu anangoti kukamwa yasa.

"Tilembe pangano latsopano," anapitiriza Nanzikambe. "A Mvuu, dindani phazi m'matopemu, chidindocho chikhalenso muyeso."

Chiswe anasuzumira m'dzenjemo. "Achimwene, mwandipha!"

Mpaka lero Chiswe akukwezabe chulu, ndipo Mvuu amadikira m'madzi, maso okha ali kunja.