Mizinga ya Ba Lameck

Polishi wakuda anali asanaume pa mzinga womaliza pamene Lameck anayamba kuitana anthu.

"Bwerani muone, imwe osema tunjovu twa mu thumba! Ena tisemera boma!"

Msika wonse wa ziboliboli wa Mukuni Park unkaidziwa nkhaniyi, popeza Lameck sankalola munthu kudutsa osaimva. Kunabwera kaputeni wa asilikali, mayi wosadziwa kuseka, dzina lake Sibeso. Anyamata ake, amene ankasungitsa mtendere kudziko lankhondo kumpoto, ankafuna zida msangamsanga, ndipo ife amene tayenda timadziwa kuti pempho lopita kulikulu limabwerako nkhondo itatha. Choncho mayiyo anangolowa mumsika, nadutsa matebulo onse, nkuima pa la Lameck. Ananyamula mvuu yakuda bii, naikhula ndi chala, nayang'ana chalacho. Kenaka anaitanitsa mizinga yamatabwa, yaikulu ngati yeniyeni. Ntchito yake sanaitchule.

Lameck sanafunse. Afunsirenji munthu amene anagulitsapo ziboliboli ku Windhoek, ku Durban mpaka ku Zanzibar? Yankho analipeza yekha: akatswiri a kufakitale anasowa nzeru, ndiye ankafuna chitsanzo cha mmisiri weniweni choti aonerepo posula mizinga yachitsulo.

Mwayi wakewo unafikanso pa nthawi yake. Osemasema ankakonzekera kusankha wapampando wa msika, mpando umene Lameck ankaufuna, ndipo wopikisana naye, Sitali, ankanong'oneza anthu kuti phingo wa Lameck ndi paini wamba wosambitsidwa polishi wa nsapato. Nsanje yokhayokha! Kodi asilikali angapite kwa munthu wachinyengo? Lameck anakankhira zitini za polishi zopanda kanthu kunsi kwa tebulo ndi phazi, nakonza zoti mizingayo idzatengedwe m'mawa wa tsiku la chisankho, aliyense akuona.

Lole yobiriwira itaima mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, msika unasiya malonda. Ngakhale mzungu amene ankanenerera mtengo wa ng'oma anamusiya akulankhula yekha. Lameck anatulukira atavala suti ya ku Durban, dzuwa la ku Livingstone likumuwotcha ngati chimanga. Asilikali anakweza mizinga ija, ikunyezimira moti mwana wina anabisala kumbuyo kwa amake.

"Ba Sitali, senderani kuno kutsogolo, mumve bwino," anatero Lameck. Kenaka anatembenukira kwa kaputeni. "Madamu, auzeniko aba anthu. Pa osema onse aba, n'chifukwa chani munasankha ine?"

"Mufuna nikambe pano?"

"Pamene pano. Mokweza!"

Kaputeni Sibeso anapukuta ndi kansalu manja ake amene anada ndi polishi wa mizinga.

"Chaka chatha munanigulitsa mvuu ya phingo. Mvula yoyamba inaisambika, inakhala paini yoyera mbee. Ngati munaninamiza ine nili nayo mu manja, mdani oyang'ana na kandege ali mumwamba muzamunamiza bwino. Iyi mizinga ni yakuti aziponyapo mabomba yake, anyamata anga ali kwina. Tinafuna wabodza wamkulu mu tauni, Ba Lameck, ndipo sitinavutike."

Lole inanyamuka. Masana ake pa chisankho, pokweza manja ovotera Lameck, dzanja lake linaima lokha, polishi akuonekera m'zikhadabo.