Thumba la Mchenga Kuseri kwa Mpando

"Siya buledi ameneyo!" mkulu wa gulu anakuwa, akumutsomphola Chimimba chakudya m'manja. "Mabatire akulemera kale, iwenso ukufuna uwonjezere?"

Chimimba anali dalaivala wa kagalimoto ka magetsi komwe ophunzira za uinjiniyawa anapanga kuti akapikisane ndi mayunivesite ena. Chiyambireni teremu, anzakewo ankachotsa chilichonse cholemera. Anaboola zitsulo, anapala mpando, kenako anatembenukira mimba yake. Mnyamata wa eni ake anaonda mpaka lamba anachita kumuboola mabowo atsopano.

Tsiku la mpikisano anakakankhira kagalimotoko pasikelo, Chimimba ali momwemo, maso atalowa m'kati.

Woyeza anapukusa mutu. "Achimwene, malamulo munawerenga koma? Kapepukitsa aka. Sikangaloledwe kuthamanga."

"Ndiye titani, bwana?" mkulu wa gulu anafunsa, thukuta lili kamukamu.

"Onjezerani kulemera, basi."

Anathamanga kukatapa mchenga, n'kudzamangirira thumba lonse kuseri kwa mpando. Chimimba anacheuka, n'kuliyang'ana thumbalo, lonenepa bwino ngati mmene analili iye kale.

"Aise," anatero akukukuta mano, "buledi wanga yense uja mwamusandutsa mchenga?"