Masamba a Agogo Ermelinda

Agogo Ermelinda anakoka nthambi yomaliza ya mango n'kuiyala pakati pa msewu. Kenako anaima pambali, manja kumbuyo, maso kumtunda kumene njinga zimatulukira.

Msewu wochoka ku Milange kupita ku Majaua umadutsa pakhomo pawo penipeni. Ukangopitirira nyumbayo umatsetsereka, n'kukhota mwadzidzidzi pa kamlatho. Malo amenewo si osewera nawo, inu. Mchenga wake umaba tayala munthu akuona. Mwana wawo Basílio anafera pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ali patsogolo pa mpikisano. Anzake a kalabu ya njinga, m'malo mochita mantha, anagula chikho n'kulembapo dzina lake. Chaka ndi chaka amachilimbirana pa msewu womwewo. Anthu samva.

Tsopano Telmo, mwana wa malemu Basílio yemweyo, anali m'gulumo kachitatu. Dzulo lake anakagona ku tauni ndi anzake kuti anyamukire limodzi m'mawa. Mafoni onse amawatsekera m'chikwama cha mkulu wa kalabu mpaka mpikisano utatha.

Masamba pamsewu aliyense amawadziwa: pakhomo pagwa maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kukankha. Ndiye chaka choyamba cha Telmo agogo anapeza nzeru. Anayala masamba popanda maliro. Othamanga onse anatsika, anakankha njinga mpaka kuwoloka kamlatho, ndipo palibe anagwa. Chaka chachiwiri anabwereza. Ena anatsika, ena anadutsa akutukwana. Armanda, mayi ake a Telmo, anatuluka m'nyumba akutsokomola, n'kuwagwira dzanja apongozi awowo.

"Amayi, masamba saseweretsa. Tsiku lina anthu sadzakumverani."

"Asandimvere, bola mwana awoloke wamoyo."

Lero Armanda sanatuluke kudzawaletsa. Pansi pa mtengo wa mango panakhala abambo angapo, akuyang'ana msewu. Agogo anali atayala nthambi kumtunda kwa nyumba, atayalanso kumunsi.

Inayamba kutulukira njinga yamoto yotsegula njira. Woyendetsa wake, Ronaldo, anali mnzake wa Basílio. Agogo anakweza manja onse awiri.

"Ronaldo, taima mwana wanga, ndikuuze mawu!"

"Mwayambanso, vovó? Chokani m'njira, akubwera!"

Anazilambalala nthambizo, n'kuwasiyira fumbi m'maso.

Kenako njinga zija. Zinabwera mothithikana, misana yopindika, mitu pansi. Patsogolo panali malaya achikasu. Agogo anawadziwa, anali a Basílio, msoko wa paphewa anasoka okha. Anafuna kulowa pakati pa msewu koma anangoima pambali pomwepo. Munthu wokalamba ungaimitse bwanji njinga makumi atatu? Zikupondani, inu, zikupitirirani.

"Telmo! Tsika! Tsika, ndagwira mwendo wako!"

Telmo anadzutsa mutu. Anaona masamba, anaona agogo ake, n'kuseka mano onse poyera.

"Chaka chino ayi, agogo! Auzeni amayi asese pa kabati, chikho chikubwera kwawo!"

Tayala linaponda nthambi, phwa. Anzake onse anatsata momwemo. Palibe ngakhale mmodzi anagwira buleki.

Agogo anatseka maso. Anamvetsera kumunsi, kudikira phokoso lija la chitsulo pa mwala limene silinachoke m'makutu mwawo. Silinabwere. Atatsegula maso, malaya achikasu anali kutsidya kwa kamlatho, akukwera chitunda, atawasiya anzake patali.

"Wawoloka," anatero agogo.

Pansi pa mango palibe anawomba m'manja. Bambo wina anadzuka, n'kuyamba kutola nthambi zopondedwa zija ndi kuziyalanso bwinobwino.

"Ndani amutsatire?" agogo anafunsa.

Pamudzi ponse panalibe njinga yoti n'kumupeza Telmo.

M'nyumba, amayi a mpingo amene anadzigwira kuti mwana amve kaye anaona kuti wadutsa, ndipo anayamba kulira. Armanda anali atatsirizika mbandakucha. Masamba a chaka chino anali oona.